Petulo wa octane yokwera sachotsa mwaye mu injini, yambani ndi pulagi

Anyamata a kabaza ndi eni ma Sienta amakonda kundifunsa funso limodzi pa galaja yanga kuno ku Nchalo: "Amakaniko, ndikamathira petulo wa 95 uja, kapena kabotolo kokweza octane, mwaye wa mu injini utha?" Ayi, sutha. Ndalama imeneyo ikagwira ntchito yooneka mukagulira fyuluta, oyilo ndi pulagi.

Octane ndi nambala yosonyeza mmene petulo amapirira kupanikizidwa ndi kutentha asanayake yekha. Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya wosakanikirana ndi petulo, pulagi n'kuthetheka, moto n'kuyenda mwadongosolo kuchokera pa pulagipo mpaka m'mbali. Petulo akakhala wosapirira, wa m'mbaliyo amaphulika yekha moto usanamufike. Kumeneko ndiye kugogoda mumamva kuja, ngati timisomali tikugwedezeka m'chitini, mukamakwera mtunda pa giya yaikulu. Nambala yokwera imaletsa kuphulika kumeneku, basi. Siwonjezera mphamvu mu lita ya petulo, ndipo sitsuka kanthu.

Anthu amanyengeka chifukwa chakuti mwaye ukaunjikana pamutu pa pisitoni, malo oyakira amachepa, kupanikiza kumakwera, ndipo mwayewo umasunga kutentha. Injini imene kale inkalira bwino imayamba kugogoda. Mwini wake akathira petulo wa nambala yokwera, kugogoda kumaleka, iye n'kumati yayera. Mukatsegula hedi mupeza mwaye uli pomwepo, mwinanso wawonjezeka. Chimene chimatsuka mainjekita ndi mavalavu ndi mankhwala ena otsukira amene makampani amathira mu petulo, ndipo mankhwalawo alibe chochita ndi nambala ya octane.

Komanso kuno kwathu sitili ngati ku Joni kumene mumasankha pakati pa 93 ndi 95. Pampu ya petulo ndi imodzi, ndipo petuloyo amasakaniza ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku molasesi wa nzimbe, wina ku fakitale ya PressCane pompano pa Dyeratu, wina ku Dwangwa kumene anayamba mu 1982. Octane ya ethanol imaposa 100, choncho akalowa mu petulo amaikweza. Galimoto zambiri zimene timagula kuchokera ku Japan, monga Probox, Vitz, Passo ndi Sienta, zinapangidwira petulo wamba wa kumeneko, amene amayambira pa 89. Petulo wa pa pampu amazikwanira. Zochepa chabe, makamaka za turbo ndi zina za ku Ulaya, n'zimene zimafuna nambala yokwera, ndipo zimalembedwa m'buku la galimoto kapena kuseri kwa kachitseko ka thanki. Ngati yanu inalembedwa choncho, tsatirani, koma dziwani kuti mukuteteza pisitoni ku kugogoda, simukutsuka.

Timabotolo tokweza octane tija muziwerenga bwino. Akalemba kuti kamakweza ndi mapointi atatu, kawirikawiri amatanthauza 0.3, osati 3. Tina mumakhala manganese, amene amasiya utoto wofiirira ngati dzimbiri pa pulagi.

Choyamba kuchita n'kumasula pulagi injini itazizira, n'kuiyang'ana padzuwa. Nsonga yake ikakhala yotuwa kapena yofiirira pang'ono, youma, injini ikuwotcha bwino. Ikakhala yakuda bii, youma, mwaye wake wochoka ndi chala, ndiye kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya. Ikakhala yakuda koma yonyowa, yonona, mukuwotcha oyilo. Yoyera mbuu yokhala ndi timatuza ikukuuzani kuti petulo akuchepa ndipo injini ikutentha kwambiri, imeneyo musayende nayo ulendo wautali. Mukatero pitani kumbuyo, wina aponde moto, muone utsi. Wakuda ndi petulo, wabuluu ndi oyilo, woyera wosaleka ngakhale injini itatentha ndi madzi akulowa, mwina gasiketi yapsa.

Pulagi yakuda youma ndi imene ndimaiona kwambiri, ndipo wolakwa wamkulu kuno ndi fumbi. Njinga imene imayenda m'misewu ya dothi, yolowera ku Majete kapena ya ku East Bank m'miyezi ya September ndi October, fyuluta yake ya mpweya imatsekeka msanga kuposa mmene buku limanenera. Fyuluta ikatsekeka, kabuleta amakoka petulo wambiri, ndipo wosapsayo ndiye amasanduka mwaye. Ya siponji muitsuke ndi madzi a sopo, muifinye osaipotokola, iume, muipake oyilo pang'ono n'kufinyanso mpaka isadonthe. Ya pepala musaitsuke, igogodeni pang'onopang'ono fumbi ligwe, ndipo mukailoza kudzuwa kuwala osadutsa, gulani ina. Ena amangoichotsa n'kumayenda yopanda fyuluta kuti njinga ipume. Zimenezo musayerekeze, fumbi limadya maring'i a pisitoni, ndipo pakapita miyezi muyamba kuwotcha oyilo. Onaninso choko. Ambiri amaikoka m'mawa n'kuiwala kuibweza.

Pa galimoto pali nkhani ya thermostat, kachipangizo kotsekera madzi kupita ku ladiyeta mpaka injini itatentha, imene timakangana nayo ngakhale ndi amakaniko anzanga. Chifukwa cha dzuwa la kuno, loti mu November limapitirira madigiri 40, anthu amaichotsa poganiza kuti akuthandiza injini kuzizira. Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake ali pafupifupi madigiri 90. Popanda thermostat imachedwa kufika pamenepo, makamaka m'mawa wa June kapena potsika mtunda kuchokera ku Blantyre, ndipo kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini ndi yozizira imawonjezera petulo. Mafuta akutha, mwaye ukuunjikana. Galimoto ikamatentha, vuto limakhala ladiyeta yotsekeka ndi matope, fani, chitsekerero cha ladiyeta kapena pampu ya madzi. Konzani zimenezo, thermostat mubwezere. Pa galimoto za mainjekita, sensa ya oxygen ikafa imachitanso zomwezo, ndiye nyale ya check engine ikayaka musaimate ndi tepi, pitani akaike pa makina.

Pulagi yonyowa ndi nkhani ya oyilo. Yambani mwaona ngati simunadzaze kupitirira mzere wa pa dipisitiki. Oyilo wotchipa woyezera m'mabotolo a zakumwa, wosadziwika kumene wachokera, ndi wokhalitsa osasintha, onsewo amapsa n'kumata maring'i. Ngati mulingo uli bwino koma utsi wabuluu ukutuluka polizira m'mawa n'kuleka, kawirikawiri ndi masili a mavalavu. Ukamatuluka nthawi yonse mukaponda moto, ndi maring'i. Palibe petulo amene angachize zimenezi. Kwa a makina ocheka matabwa ndi mainjini a maboti osakaniza oyilo mu petulo, tsatirani muyezo wolembedwa. Pa 50:1 ndi mamililita 20 pa lita imodzi. Kuthira wambiri kuti "ifewe" kumangotseka ekizozi.

Ndiye pali petulo wa m'zigubu. Mafuta akasowa pa pampu tonse timathamangira kwa mavenda, sindingakunamizeni. Ambiri amagulitsa wabwino, koma ena amathiramo parafini. Parafini amagwetsa octane kwambiri, sapsa yense, amasiya mwaye, ndipo wina amatsikira pansi n'kusungunula oyilo. Musanathire, donthezani pang'ono pa pepala loyera n'kuliika pamphepo. Petulo weniweni amauma msanga osasiya chizindikiro, wa parafini amasiya banga lonona limene limachedwa kuchoka. Petulo wokhalitsa m'chigubu nayenso ndi vuto, chifukwa ethanol amakoka chinyezi, ndipo wotsala mu kabuleta amasanduka phula. Inu a mapampu othirira m'madimba, nyengo yothirira ikatha tsekani kampopi ka petulo, injini ilire mpaka izime yokha, kenako muisunge.

Kayendetsedwe nakonso kali ndi mbali yake. Sienta yoima pa siteji injini ikulira ola lathunthu podikira anthu, kapena njinga yosenza anthu awiri ndi thumba la chimanga ili pa giya yomaliza ikungonjenjemera, zonsezi zimaphika mwaye. Tsitsani giya injini izungulire momasuka. Galimoto yongozungulira pafupi, mukakhala ndi ulendo wa ku Blantyre, ikafika pa Thabwa itatentha bwino, kwerani mtunda uja pa giya yotsika, singano ya marevu ili pakati, diso lili pa geji ya kutentha. Mwaye wofewa wa pa pulagi ndi pa pisitoni umapsa n'kutuluka. Wouma gwa sungachoke choncho.

Mankhwala otsukira othira mu thanki amathandiza pa mainjekita ndi mavalavu, makamaka olembedwa kuti muli PEA. Thirani monga alembera pa botolo, ndipo ndi bwino kutero mutatsala pang'ono kusintha oyilo. Koma pali injini zina zimene petulo amalowa mwachindunji mu silinda osadutsa pa mavalavu olowetsa mpweya: Noah ndi Voxy zakale za D-4, Pajero iO ya GDI, Golf ya TSI, Mazda za Skyactiv. Pa zimenezi mankhwala a mu thanki safika pa mavalavuwo ngakhale pang'ono, ndipo mwaye wake umachokera ku nthunzi ya oyilo ndi utsi wa ku ekizozi wobwezedwa mu injini ndi valavu yotchedwa EGR. Njira yake n'kumasula manifodi n'kupala ndi manja, silinda imodziimodzi, mavalavu ali otseka. M'magalaja akuluakulu a kunja amawapopera zikhokho za mtedza wa walnut zoperapera. Dizilo ndi nkhani ina, iye amayezedwa ndi cetane, osati octane.

Pa njinga yamoto, kupala hedi ndi ntchito ya theka la tsiku. Injini izizire, masulani mabawuti mopingasa pang'onopang'ono, zungulitsani mpaka pisitoni ifike pamwamba penipeni. Pakani girisi m'mphepete mwake kuti tizidutswa tisagwere ku maring'i. Nyowetsani mwaye ndi mankhwala otsukira kabuleta kapena parafini, dikirani ufewe, mupale ndi kamtengo kolimba kapena kapulasitiki. Sikuludilaiva musaigwiritse, hedi ndi ya aluminiyamu, ndipo mkwasa uliwonse umasanduka pogwirira mwaye watsopano. Mukamaliza tsitsani pisitoni pang'ono, mupukute girisi uja pamodzi ndi zinyalala zake. Gasiketi ikani yatsopano, mabawuti mumange mopingasanso ndi sipanala yoyezera, muchune mpata wa mavalavu, musinthe oyilo. Za kuthira madzi mu kabuleta injini ikulira, zimene anyamata amaonera pa YouTube, ine sindilola pa galaja yanga. Madzi sapanikizika, dzanja likangoterereka pang'ono mkono wa pisitoni upindika.

Mukayenda sabata imodzi kapena ziwiri, masulaninso pulagi. Ikakhala yotuwa, mwapeza gwero. Ikadanso bii fyuluta ili yoyera, kabuleta akufunika kutsegula kuti muone jeti, kabowo kodutsa petulo, ndi mulingo wa fuloti, kachoyandama koletsa petulo kusefukira.