Kabuku ka ku semina si lamulo ayi

Chilimwe chino, pamene anthu akusosa m'minda ndipo milandu ya malire ndi ya chuma chamasiye yachuluka m'mabwalo a mafumu kuno ku Mangochi, pali vuto limodzi lomwe likungobwerezabwereza. Alembi a mafumu, amakomiti ngakhalenso achinyamata othandiza anthu pa zamalamulo akutulutsa timabuku tomwe analandira ku semina kalekale, tina tothothoka chikuto, n'kumawerenga pabwalo ngati ndi lamulo lenilenilo. Kabuku kotero kamangofotokoza mmene wolembayo anamvera lamulo pa tsiku lomwe ankalemba. Lamulo likasintha, iko kamatsala komweko.

Taonani zimene zinagwera mayi wina wolima chimanga ndi nandolo cha ku Namwera. Bambo wakunyumba atamwalira, alamu ake anafika ndi kabuku konena kuti pa ukwati wa chikamwini mkazi ndi ana amatenga magawo awiri mwa asanu, atatuwo n'ngachibale. M'khola munali mbuzi zisanu, zitatu zinatuluka pachingwe tsiku lomwelo. Kabukuko sikananame, koma kankafotokoza Wills and Inheritance Act ya 1967, yomwe inafafanizidwa mu 2011 pamene kunabwera Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act. Lamulo latsopanoli limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala, ana ndi omwe ankadalira malemuwo, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu woti munthu n'kumangidwa nawo. Pofika poti wina awaunikire mayiwo, mbuzi zinali zitagulitsidwa kale pamsika.

Za malo ndiye zikuchita kunyanya. Anthu akugamulabe ndi zolemba zakale chikhalirecho Customary Land Act inabwera mu 2016 ndipo inasinthidwanso mu 2022. Ena akuti mtsikana wa zaka 15 angakwatiwe makolo akalola, pomwe mpata umenewo unatsekedwa mu 2017 posintha malamulo oyendetsera dziko. Mpaka liti kumangoti "timatero kuyambira kale"? Nanga zotumizirana pa WhatsApp, zina n'zofotokoza malamulo a ku South Africa kapena Kenya, sizigwira ntchito kwa majisitireti wa pa boma pano.

Sikuti zolemba zofotokozera n'zachabe. Mabuku a akatswiri, nkhani za mu Malawi Law Journal, malipoti a Malawi Law Commission ofotokoza chifukwa chomwe lamulo linasinthidwira, ndi Hansard yosunga zomwe aphungu anakambirana, zonsezi zimakulozerani pomwe pali lamulo. Mabuku ndi majenolo mukawapeza ku laibulale ya University of Malawi ku Zomba, malipoti ku Law Commission ku Lilongwe.

Musanawerenge, yang'anani chaka chomwe kabuku kanasindikizidwa ndi dziko lomwe kakukamba. Lembani dzina la lamulo ndi nambala ya ndime yomwe katchula, kenaka tsegulani pa foni MalawiLII, tsamba la pa intaneti losunga malamulo a Malawi, salipiritsa kupatula bandulo yanu, muone ngati ndimeyo ikadali momwemo.