Kalembedwe ka mbiri ya ndale ya Luigi Ferraris wa ku Italy

Ophunzira mbiri yakale kuno ku Mzuzu, yambani ndi kulemba zaka papepala limodzi musanalembe chiganizo chilichonse. Ferraris anali loya, anabadwa mu 1813 ndipo anamwalira mu 1900. Anakhala nduna ya za m'dziko mu 1869, meya wa Turin kuyambira 1878 mpaka 1882, kenako nduna ya zachilungamo mu 1891.

Mukatero, dulani mzere pa 1861. Chaka chimenechi chisanafike kunalibe ufumu wa Italy, ndipo Turin inali likulu la ufumu wa Sardinia. Likulu la Italy linachoka ku Turin kupita ku Florence mu 1865, kenako ku Rome mu 1871. Choncho pamene Ferraris anali meya, mzinda wake unali utataya kale ulemu wokhala likulu.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa mawu oti "anasankhidwa". Kuno makhansala ndi amene amasankha meya pakati pawo, ndiye dzanja limathamangira kulemba zomwezo. Ku Italy nthawi imeneyo meya ankaikidwa ndi mfumu, ndipo makhonsolo a mizinda ikuluikulu anayamba kudzisankhira meya mu 1889. Aphungu a nyumba ya Senate nawonso ankaikidwa ndi mfumu kwa moyo wonse, malinga ndi malamulo oyendetsera dziko a 1848 otchedwa Statuto Albertino. Pa udindo uliwonse lembani amene anamuika Ferraris, komanso nduna yaikulu ya boma limene anatumikira: Menabrea mu 1869, Di Rudinì mu 1891.