Kufufuza mlandu wakale wa ufumu kapena wa m'malire: poyambira pake ngati muli kuno ku Tete

Pa mikangano ya ufumu kuno kwathu ku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka ku Chifunde uko, sipalephera wina kunyamuka nkumati agogo athu anawalanda ufumu ndi Apwitikizi, winanso nkuyankha kuti bodza agogo anuwo anachita kuthawira ku Nyasaland ataba ng'ombe, koma mukafunsa kuti chinali chaka chanji komanso mzungu wake anali ndani aliyense amangoti amatero akuluakulu. Nkhani zoterezi zimatheka kufufuzika ndithu abale anga, chifukwa azungu aja ankakonda kulemberana makalata odandaula akaona kuti munthu wawathawa nkuwoloka malire, bola mudziwe pofunsa komanso musamve mbali imodzi yokha.

Yambani mwadziwa kaye malire enieniwo. Mzere umene tikukhala nawowu unachokera m'pangano la Britain ndi Portugal la pa 11 Juni 1891, ndipo chigawo cha ku Dedza ndi Ntcheu anangotsata mtunda wogawa madzi, madzi otsikira ku Revúbuè ndi Zambezi akhale a Mpwitikizi, otsikira ku nyanja ndi ku Shire akhale a Mngelezi. Nchifukwa chake msewu wa M1 kuchoka ku Dedza kudutsa Lizulu umayenda m'malire momwemo, uku Malawi uku Mozambique. Mzerewo unadula pakati dziko la Angoni a Maseko, ena anatsala ndi Gomani ena ndi Zintambira kuno chaku Domwe, unadulanso Achewa a Undi. Ndiye musanapite kulikonse lembani papepala kuti mudzi wanu unagwera mbali iti, manda akale ali mbali iti, madimba ndi kobusira ng'ombe kunali kuti. Milandu yambiri imene azungu ankaitcha kuba kapena kuzemba msonkho imamveka bwino mukangoona kuti munthuyo amagona mbali ino koma khola lili mbali inayo.

Kenako pitani kwa akuluakulu, ndipo apa mpamene muyenera kutaya nthawi yambiri. Musalowe m'mudzi ndi kope ndi foni nkuyamba kujambula ngati apolisi, kaonekereni kaye kwa anyakwawa kapena amfumu, nenani kuti ndinu mwana wa ndani, mfunda kapena chiwongo chanu, ndi chimene mukufuna. Ngati si kwanu katengeni credencial ku administração ya disitirito kapena ku posto, kakalata kameneka kamachotsa zokayikitsa zambiri makamaka midzi ya m'malire imene inaona nkhondo. Kasuga, kasopo kapena kamchere musaiwale, si chiphuphu ayi ndi ulemu basi.

Pofunsa musamayambe ndi chaka chifukwa agogo sasunga chaka, amasunga zochitika. Funsani kuti zinachitika nkhondo ya Jeremani isanayambe kapena itatha, nthawi ya mtengatenga pamene anthu ankagwidwa kukanyamula katundu wa asilikali, nthawi ya chimfine chija chinapha anthu mu 1918, njala ya 1949 isanafike, kapena anali atayamba kale kupita ku Wenela ndi ku Salisbury. Funsani dzina limene anthu anamupatsa chefe de posto wa nthawiyo, asipayi (apolisi achikuda a Apwitikizi) anali ndani, anamenyedwa mbalamatodya (thabwa lomenyera m'manja) ndani ndipo chifukwa chake chinali chani, msonkho kapena chibalo. Ndipo chonde azimayi achikulire musawadumphe, kwa Achewa ufumu umayenda kuchikazi ndiye mbumba ndi imene imadziwa kuti uyu anabadwa m'bere liti, pomwe kwa Angoni mufunse za nyumba yaikulu ndi nyumba zing'onozing'ono. Zambiri zosokonekera zinayambira pomwepa, mzungu ankatha kulemba mwana wamwamuna wa mfumu ngati wolowa m'malo pamudzi poti mwambo umafuna mwana wa mlongo wake, kapena kungosankha amene ankatolera msonkho mwachangu nkumuveka yunifomu ya régulo. Mufunse banja limene linapambana ndi limene linaluza lomwe, padera padera, osawakhazika pamphasa imodzi tsiku loyamba. Kumanda osapitako nokha popanda chilolezo, izi mukuzidziwa kale.

Mukatero wolokani malire mukafunse achibale a tsidya linalo, pa Calómuè, Biriwiri, Zóbuè kapena Cassacatiza ngati nkhani yake ikulowera ku Katete ndi Chipata. Ine ndimaona kuti apa mpamene ofufuza ambiri amachita ulesi, pomwe theka la nkhani lili kumeneko.

Tsopano mapepala. Muyenera kumvetsa mmene dandaulo linkayendera kuti mudziwe kumene linakagona. Nkhani yaying'ono ngati ng'ombe zobedwa kapena mkaidi wothawa nthawi zambiri inkathera pansi pompano, DC (mkulu wa disitirito mbali ya Angelezi) wa ku Dedza kapena Ncheu kulembera administrador wa ku Vila Coutinho, imene lero ndi Ulónguè, nkugwirizana okhaokha. Ikakula, mwachitsanzo asipayi awoloka ndi mfuti nkugwira anthu mbali ya Angelezi, kapena mfumu yasamuka ndi mudzi wonse nkuchepetsa okhoma msonkho, inkakwera kwa bwanamkubwa ku Zomba, kuchoka apo ku London ku Colonial Office ndi Foreign Office, kenako ku Lisbon, nkutsikanso kudzera ku Lourenço Marques, imene lero ndi Maputo, mpaka ku Tete, ndiye mlandu umodzi mutha kuupeza m'malo anayi kapena asanu. Pangano lobwezerana anthu othawa milandu linalipo, la 1892, koma musadabwe mukaona kuti munthu anangoperekedwa pamalire popanda khoti lililonse.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Inkosi Philip Gomani mu 1953. Anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland nkuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, boma la Angelezi linamuchotsa paudindo nkufuna kumusamutsa ku Ntcheu, iye ali wodwala anawolokera kuno limodzi ndi mwana wake Willard ndi mbusa wachingelezi Michael Scott, koma Apwitikizi anawagwira nkuwabweza. Scott Angelezi anamupitikitsa m'dziko la Nyasaland, Gomani anamwalira chaka chotsatira ku chipatala cha Malamulo. Bambo ake Gomani woyamba anali ataphedwa kale ndi Angelezi mu 1896. Ngakhale maboma awiriwa ankanyozana m'makalata, ikafika nkhani ya mfumu yosamvera ankagwirana manja msanga. Koma pa nkhondo ya Makombe ya ku Báruè mu 1917, anthu ambirimbiri anathawira ku Southern Rhodesia ndi ku Nyasaland ndipo malipoti a Angelezi a nthawi imeneyo ndi amene amanena poyera za nkhanza zolemba anthu ntchito mokakamiza, zimene lipoti la Mpwitikizi silingakuuzeni bwinobwino. Chimodzimodzi Undi amene anachoka ku Maano mbali ino nkukakhazikika ku Northern Rhodesia m'ma 1930, nchifukwa chake mpaka lero mafumu akuno amapita ku Kulamba ku Mkaika.

Kopita ndi uku. Ku Maputo kuli Arquivo Histórico de Moçambique, pansi pa Universidade Eduardo Mondlane, funsani mapepala a boma la Tete, a Negócios Indígenas, ndi malipoti a ma inspector a ISANI, nthambi ya atsamunda yoyendera maofesi a boma, amene ankayendera ma circunscrição (madisitirito a nthawi imeneyo) nkulemba mayina a ma régulo, chiwerengero cha anthu awo ndi amene anachotsedwa. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, kumeneko funsani ma District Notebook ndi malipoti apachaka a Dedza ndi Ncheu, kungoti dziwani kuti maofesi a boma ku Zomba anapsa mu 1919 ndiye zakale kwambiri zambiri zinapita ndi moto, makope ake mungawapeze ku National Archives ya ku Kew ku London m'gulu la mafayilo lotchedwa CO 525. A ku Chifunde ndi Marávia nkhani zanu zambiri zili ku Lusaka m'mapepala a Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, ndi Petauke. Ku Lisbon kuli Arquivo Histórico Ultramarino. Sikuti mupite konseku ayi, ndalama yake ili kuti, ndandanda ya ku Kew imasakika pa intaneti ulere, ndipo mwana wasukulu wa ku Zomba kapena Maputo mutha kumutuma akakujambulireni mukamupatsa dzina, chaka ndi boma lake. Musanawononge ya thiransipoti yesani kaye a ARPAC, bungwe la boma lofufuza za chikhalidwe, mu mzinda wa Tete, komanso mabuku a ubatizo ndi maukwati ku mishoni ngati Lifidzi ndi Fonte Boa, kapena Mlanda ndi Nkhoma kwa a mpingo wa Dutch, popeza mishoni zawo zakuno monga Mphatso zinatsekedwa ndi Apwitikizi mu 1922 akhristu ambiri nkumakalembetsa tsidya linalo. Ku maofesi a disitirito musayembekezere zambiri, nkhondo ija inatha mu 1992 inawononga mapepala ochuluka.

Posaka dzina yesani kalembedwe kangapo, Mpwitikizi amalemba Chicusse pomwe Mngelezi walemba Chikusi, Macanga ndi Makanga, Ncheu ndi Ntcheu, ndipo dzina la ufumu limodzi limakhala la anthu angapo otsatizana ndiye onetsetsani kuti ndi uti. Chilichonse mwapeza lembani nambala ya bokosi kapena fayilo, tsiku la kalata, wolemba ndi wolandira, apo ayi mawa wina akakutsutsani mulibe pogwira.

Powerenga muzikumbukira kuti wolembayo anali ndi chake chimene ankafuna. Administrador akalemba kuti mfumu yakuti ndi chigawenga mwina nkhani yake inali yoti yakana kupereka anyamata ku chibalo, DC akalemba kuti anthuwa ndi othawa nkhanza mwina akusangalala kuti wapeza okhoma msonkho atsopano, ndipo mawu onse a mfumuyo anadutsa pakamwa pa womasulira amene naye anali ndi abale ake pamlanduwo. Ikani zitatu pamodzi, za Apwitikizi, za Angelezi ndi za agogo, pamene zagwirizana gwirani, pamene zasiyana lembani zonse mmene zilili osasankha yokomera banja lanu.

Ngati cholinga chanu ndi kukatsutsa amene ali pampando panopa, dziwani kuti pepala la atsamunda palokha silikupatsani ufumu. Boma litachotsa ma régulo pambuyo pa 1975 linadzawazindikiranso ndi Decreto 15/2000, ndipo dongosolo lake ndi loti anthu a dera ndiwo amavomereza mtsogoleri wawo kenako boma nkumuzindikira. Ndiye zimene mwapezazo kaziwonetseni kaye kwa akuluakulu a banja lachifumu ndi mbumba, mbali zonse ziwiri zilipo, musanaziponye pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp la kumudzi, ndipo musiyireko kope limodzi kwa amene anakuuzani nkhani aja.