Momwe mungasungire mtundu wa apozi wa agogo pomezanitsa

Kuseri kwa khitchini ya malemu agogo anga kuno ku Thyolo kuli mtengo wa maapozi womwe unadzalidwa ine ndisanabadwe. Iwo ankautchula Rome Beauty, mtundu wakale wochokera ku Ohio, dziko la America. Chiswe chitayamba kuugwetsa nthambi, ndinaganiza zoti ndikhale ndi mwana wake pakhomo panga.

Poyamba, njere musavutike nazo. Mtengo womera ku njere subereka zipatso zofanana ndi mayi wake, ndipo mungadikire zaka 6 kapena kuposa n'kudzalandira timaapozi towawasa. Njira ndi kumezanitsa basi.

Mufunika tsinde lomezerapo, lonenepa ngati pensulo. Funsani alangizi kapena a malo ofufuza zaulimi ku Bvumbwe za komwe mungapeze tsinde la apozi la mtundu wotchedwa MM106. Anyamata ena ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu amangokulunga pulasitiki pa kamtengo ka njere n'kumati n'komezanitsa. Masulani muone chipsera. Ine ndinataya ndalama yokwana mapaketi atatu a shuga pa zoterezi.

Tsopano pomwe ndinagwa. Chaka choyamba ndinadula timphukira mu Novembala, mtengo uli ndi masamba obiriwira, poganiza kuti mvula indithandiza. Ndinamezanitsa 10, tonse tinauma. Kanthambi ka masamba kamataya madzi kasanagwirane ndi tsinde. Nthawi yake ndi Julaye mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti, chiperoni chitazizira mtengo n'kugona, maso ake asanatupe. Dulani nthambi ya chaka chimodzi, yamaso 3 kapena 4, m'mawa, n'kuikulunga m'nsalu yonyowa. Dulani tsinde pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi, ling'ambeni pakati pang'ono, kanthambi mukasongole mbali ziwiri n'kukalowetsa. Chinsinsi chili pa kachikopa kobiriwira kamene kali pansi pa khungwa: ka nthambi ndi ka tsinde zikhudzane, ngakhale mbali imodzi yokha. Ine ndinkaika kanthambi pakatikati kuti pazioneka bwino, osadziwa kuti pamenepo mpouma, sipagwira. Mpeni ukhale wakuthwa ngati lezala, ndipo musagwire podulapo ndi zala. Tepi ya m'sitolo njodula; ng'ambani jumbo mizeremizere, mangani molimba, pamwamba pa kanthambi dontheseranipo kandulo. Chaka chachiwiri mwa 8 zinagwira 6. Pakatha milungu 6 mpaka 8 masulani, jumboyo isafinye mtengo.

Dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse, dothi lapamwamba mulisakanize ndi ndowa ziwiri za manyowa owolerana. Dothi lathu la tiyi ndi la asidi, choncho onjezerani laimu kapena phulusa pang'ono. Pewani polowa madzi, poti mvula ya kuno mukuidziwa, ndipo MM106 sachedwa kuola m'khosi, pomwe tsinde lakumana ndi dothi. Chipsera chija chikhale pamwamba pa dothi, ndipo mphukira zonse zotuluka m'munsi mwake muzithyola.

Dzalani mitundu ina pafupi kuti njuchi zisinthanitse mungu. Anna, wochokera ku Israel, ndi Dorsett Golden safuna kuzizira kwambiri ndipo amathandizana, ngakhale amafulumira maluwa kuposa wa agogo uja.

Zotsalazo n'zodziwika. Kokerani nthambi pansi ndi chingwe kuti zigone chopingasa, zimabereka msanga. Kumapeto kwa nyengo yozizira, masamba akakakamira, apululeni ndi manja kuti maluwa atuluke pamodzi. Thirirani m'chilimwe, phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde chifukwa cha chiswe. Zipatso zikachuluka siyani ziwiri pa tsango. Mbuzi muzimangire kutali. Za apusi a m'nkhalango ya pafupi, pezani galu.