Mmene mungatsatire kakulidwe ka mwana wobadwa masiku asanakwane

Amayi anzanga, mwana wobadwa masiku asanakwane ali ndi misinkhu iwiri, ndipo mukaisokoneza mudzadwala mtima pachabe. Wina umayambira tsiku limene anabadwa, wina tsiku limene anayenera kubadwa mimba itakwana masabata 40. Wanga anabadwa pa masabata 32, ndiye anafulumira ndi masabata 8, pafupifupi miyezi iwiri. Atakwanitsa miyezi 10, ine ndinkayembekezera zimene amachita mwana wa miyezi 8. Muzichotsera motere mpaka akwanitse zaka ziwiri. Katemera yekha satsata zimenezi: amatengera tsiku lenileni lobadwa, choncho musachedwe naye ku sikelo poti akuoneka wanthete.

Mukadziwa msinkhu wake wochotsera uja, gulani kope. Buku la ku sikelo ndi lofunika, koma mumalembedwa kwambiri za kulemera ndi katemera, osati tsiku limene mwana anayamba kutola nyenyeswa za buledi ndi zala ziwiri. Ine kope langa ndinaligawa panayi, monga zilili pa MDAT, chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinakonzedwa konkuno ku Malawi: zochita ndi thupi lonse, zochita ndi manja ndi zala, kumva ndi kuyankhula, komanso kucheza ndi anthu. Lembani zimene maso anu aona. Mawu akuti "akuchita bwino" sathandiza a mafizo, akuchipatala aja othandiza mwana ndi masewera olimbitsa thupi. Lembani kuti "wakhala yekha pamphasa osagwa mpaka ndamaliza kutsuka mbale", ndi deti lake, ndi misinkhu yonse iwiri. Kamodzi pa sabata n'kokwanira. Mukamalemba tsiku lililonse simuona kusintha, mumangodzipatsa nkhawa.

Ngati muli ndi foni yojambula, tengani kavidiyo kakafupi. Ana ambiri akalowa m'chipinda cha chipatala amangolira n'kukakamira bere, zonse zimene amachita kunyumba osaonetsa. Kavidiyo ndi kamene kamamuyankhulira.

Musamuyerekeze ndi mwana wa aneba. Kafukufuku wa 2006 wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, anapeza kuti ana athanzi amayamba kukhala okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18, ndipo ena sakwawa n'komwe. Mpata wake ndi waukulu choncho. Chimene muyang'ane n'chakuti mwezi uno akuchita chiyani chimene mwezi watha sankachita.

Koma pali zina zosati n'kudikira, ngakhale agogo ake anene kuti bambo akenso anachedwa kuyenda. Mukamunyamula m'khwapa miyendo n'kuuma kapena kupingasa ngati sizasi. Thupi kukhala lolobodoka kwambiri. Manja kukhalabe ofumbata atadutsa miyezi 4. Kugwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha asanakwanitse chaka. Kusadzidzimuka chitseko chikamenyetseka. Kutsamwa pafupipafupi poyamwa kapena podya phala. Kusiya chinthu chimene anali atayamba kale kuchita. Zina mwa izi zimatha kukhala zizindikiro za cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa cha kuvulala kwa ubongo, kumene kumapezeka kwambiri mwa ana obadwa msanga. Pitani ku chipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi a mafizo. Ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre. Ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira msanga, n'chifukwa chake kufulumira kumapindula.

A mafizo mungawaone kamodzi pa mwezi, ndiye ntchito yambiri ili kunyumba. Ali maso, mugonekeni chafufumimba pamphasa inu muli pompo, muike kutsogolo kwake botolo lotsekedwa bwino lokhala ndi nyemba m'kati kuti adzutse mutu. Pogona tulo pokha, agone chagada. Muzimutsitsa kumsana kuti apeze nthawi yosewera pansi, ndipo pomusambitsa muzitchula mphuno, phazi, madzi, n'kudikira kuti naye atulutse kamawu kake.

Tsiku la mafizo tengani kope, foni ndi buku la ku sikelo. Musanatuluke, pemphani kuti akuonetseni masewera amene akupatsani, muwachite inuyo ndi manja anu iwo akuona, kenako funsani kuti, "Pofika ulendo wotsatira tiyembekezere kuti azichita chiyani?" Yankho lawo lilembeni pamwamba pa tsamba latsopano.