Mnzanu akatisiya, ngongole ya nyumba imatsala yonse kwa inu

Ambiri a ife kuno ku England tinagula nyumba pophatikiza malipiro a anthu awiri, poti a mmodzi sakanakwana kuti banki itikongoze. Koma ngongole ya nyumba imeneyi, mortgage yosainirana, sigawidwa pakati. Aliyense anavomera ngongole yonse, ndiye mmodzi akamwalira, banki imayembekezera ndalama yonse ya pamwezi kwa wotsalayo, ngakhale mwezi womwe akuthamangathamanga kuti thupi lipite kumudzi.

Mwini nyumba ndani tsopano? Zimatengera mmene munalembetsera ku HM Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa eni malo ndi nyumba. Ngati ndinu joint tenants, kutanthauza kuti nonse ndinu eni a nyumba yonse popanda magawo, nyumba yonse imagwera wotsala, ndipo wilo siingasinthe zimenezo. Mumangotumiza ku ofesiyo fomu yotchedwa DJP pamodzi ndi chikalata cha imfa kuti dzina la malemu lichotsedwe. Mukakhala tenants in common, kutanthauza kuti aliyense ali ndi gawo lake, gawo la malemu limatsata wilo yake, ndipo ngati wilo palibe, limatsata lamulo la kuno.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Pali mabanja amene anangochita chinkhoswe mu holo kuno, ankhoswe a mbali zonse alipo, koma osalembetsa ukwati kuboma. Lamulo la England silimuona wotsalayo ngati mkazi kapena mwamuna wa malemu. Popanda wilo, gawo lija limapita kwa ana, ndipo ngati ana palibe, kwa makolo kapena abale ake, pamene ngongole ikulipidwa ndi inu nokha.

Inshuwalansi ya moyo siikakamizidwa potenga mortgage kuno, n'chifukwa chake ambiri timaidumpha kuti titumize kenakake kwathu. Musatero, abale anga. Ya decreasing term imatsika limodzi ndi ngongole ndipo kawirikawiri ndi yotsikirapo mtengo. Funsaninso kuntchito ngati pali death in service, ndalama imene imaperekedwa munthu akamwalira akadali pantchito. Amene ali pantchito n'kumasonkha ku penshoni ya NHS, nthambi ya boma ya zaumoyo, ali nayo. Onani dzina limene munalembapo kuti lidzalandire, mwina likadali la mayi anu kuyambira musanakwatire.

Zovuta zikagwa, imbirani banki msanga, musadikire kuti mubwerere kumaliro. Tell Us Once, njira ya boma yonenera za imfa kamodzi kokha, imadziwitsa nthambi za boma zokha, osati mabanki. A bankiwo afotokozereni mmene zilili, mupemphe kuti akupumitseni kulipira kwa kanthawi kapena akuwonjezereni zaka, podziwa kuti chiwongoladzanja sichiima. Zikakuthinani, mabungwe opereka uphungu a Citizens Advice ndi StepChange amathandiza kwaulere.