Momwe mungawerengere pulesha imene madzi amataya podutsa mumchenga wosefera

Ambiri amene amapanga sefa yamchenga mumgolo amangothira mchenga, kenaka n'kudabwa kuti madzi akutuluka modontha. Komatu izi zimawerengeka musanayambe. Njira yake anaipeza Henry Darcy mu 1856, poyesa mchenga wosefera madzi mumzinda wa Dijon ku France.

Yambani ndi kuyesa mchenga wanu womwewo, chifukwa wakumtsinje uno ndi wakudambo lija salola madzi mofanana. Tengani paipi ya mamilimita 110, mangani nsalu kunsi kwake, thirani mchenga wotsuka wofika masentimita 30. Muzithira madzi mosalekeza kuti pamwamba pake pazikhala masentimita 60 kuchokera pansalupo. Dikirani mpweya uthe kaye, chifukwa thovu lotsekeredwa mumchenga limanamiza kwambiri. Kenaka tcherani chigubu kwa ola limodzi.

Tinene kuti mwapeza malita 9, omwe ndi makiyubiki mita 0.009. Gawani ndi kukula kwa kamwa la paipi, pafupifupi masikweya mita 0.009: liwiro ndi mita 1 pa ola. Chulukitsani ndi kuya kwa mchenga, mamita 0.3, gawani ndi kutalika kwa madzi, mamita 0.6, mupeza mamita 0.5 pa ola. Nambala imeneyi ndiye K, yosonyeza mmene mchenga wanu umalolera madzi kudutsa, isungeni.

Tsopano kumgolo. Wa malita 200 kamwa lake ndi pafupifupi masikweya mita 0.25. Mukafuna malita 50 pa ola, gawani makiyubiki mita 0.05 ndi 0.25: liwiro ndi mamita 0.2 pa ola. Chulukitsani ndi kuya kwa mchenga, tinene mamita 0.6, n'kugawa ndi K. Yankho ndi mamita 0.24. Ndiye kuti pamwamba pa madzi amumgolo pazikhala masentimita 24 kupitirira potulukira pa mpopi. Pulesha amaiyeza m'makilopasikalo, ndipo madzi akuya mita imodzi ndi makilopasikalo 9.8, choncho pulesha yotayika ndi pafupifupi makilopasikalo 2.4.

Ine ndimalangiza kusiya malo owirikiza kawiri masentimita 24 aja. Masabata akamapita, pamwamba pa mchenga pamamera kautoto koterera. Kameneka ndi kamene kamagwira tizilombo tambiri, koma kamadyanso pulesha. M'mwezi wa June madzi ozizira amayendanso mwaulesi kusiyana ndi mu October.

Masamuwa amagwira bwino pamchenga pamene madzi akuyenda pang'onopang'ono. Akamathamanga m'miyala ikuluikulu, yankho lake limachepa kusiyana ndi zenizeni, ndipo apo mainjiniya amagwiritsa ntchito njira ya Ergun ya mu 1952.